Akatswiri a Sayansi ndi Cimanga ca Caka ca 2002

Nkhani yathu ya lero iri ya anthu amene sakhala m'Nyumba ya Malamulo, ndipo saponya voti pa misonkhano ya maiko, koma mau ao afika ndithu mpaka m'thumba la ufa limene mai wa ku Kanyama kapena ku Chawama asenza pocokera kumsika. Anthu amenewa ndiwo akatswiri a sayansi, pamodzi ndi mabungwe ao amene m'Cingelezi awacha academy.

Kodi bungwe lotere nciani? Si sukulu, ndiponso si cigawo ca Boma. Ndilo msonkhano wa anthu ophunzira amene anzao anawasankha cifukwa ca nchito yao ya kufufuza. Limodzi la mabungwe akale ndilo Royal Society ya ku London, imene inayamba m'caka ca 1660. Ku America, National Academy of Sciences inakhazikitsidwa mu 1863, ndipo lamulo lace linati izilangiza Boma pamene lifunsa. Maiko osauka anacedwa kukhala ndi mabungwe ao. Mu 1983 Abdus Salam wa ku Pakistan anayambitsa Third World Academy of Sciences ku Trieste m'dziko la Italy, ndipo mu 1985 kunabadwa African Academy of Sciences, imene likulu lace liri ku Nairobi, woitsogolera woyamba nakhala Thomas Odhiambo wa ku Kenya.

Popeza mabungwewa alibe mphamvu ya kulamula, ayenda njira zina kuti maboma awamvere. Njira yoyamba ndiyo kulemba kalata imodzi ndi kuikapo maina a mabungwe ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga. Yaciwiri ndiyo kusankha nthawi: kalatayo ituruka msonkhano waukuru wa maiko uli pafupi, pamene nduna zikonza mau amene zikanene kumeneko. Yacitatu ndiyo kulandira alangizi a maboma, kuwaonetsa nchito, ndi kukamba nao pamaso.

Citsanzo cace ndi ici. Mu 1993 mabungwe anasonkhana ku New Delhi, ndipo 58 mwa iwo anabvomerezana kalata yonena kuti kucuruka kwa anthu pa dziko lapansi kucepetsedwe. Anacita ici pokonzekera msonkhano wa United Nations wa ku Cairo wa 1994. Koma African Academy of Sciences inakana kuikapo dzina lace, nilemba mau aceace akuti mu Africa anthu ndiwo cuma ca citukuko. Apa tiona kuti ngakhale akatswiri amene sanena cimodzi nthawi zonse.

Tsopano tibwere kwathu kuno. Palibe wa inu amene afunika kumuuza kulemera kwa nkhani ya ufa m'Zambia. Mu December 1986 mtengo wace utakwera, m'matauni a ku Copperbelt munabuka cipolowe. Mu June 1990 unakweranso, ndipo cipolowe cinayamba ndi ophunzira a pa University of Zambia, nicifalikira ku Kalingalinga, ku Mtendere ndi m'makomboni ena a Lusaka, ndipo anthu oposa 20 anafa. Cifukwa cace Boma liri lonse la dziko lino lidziwa kuti wokhudza cimanga wakhudza mtendere wa dziko.

M'dzinja la 2001 ndi 2002 mvula inabvuta, makamaka ku Southern Province, ndipo anthu oposa mamiliyoni awiri anasowa cakudya. Njala ikagwa kumudzi, m'tauni imveka: mtengo wa ufa ukwera, banja la ku George kapena ku Matero liyamba kugula timapaketi ta pamela m'malo mwa thumba, ndipo acibale a kumudzi atumiza mau opempha cithandizo. Bungwe la World Food Programme linabwera ndi cimanga, cambiri cocokera ku America. Koma m'cimangaco munali mbeu zimene akatswiri anazisintha cibadwa cace, zija anthu azicha GMO.

Pamene cimangaco cinafika, mau a mabungwe a sayansi anali atafika kale. Mu July 2000 mabungwe 7, ndiwo a ku Britain, America, Brazil, China, India ndi Mexico pamodzi ndi lija la ku Trieste, anaturutsa lipoti limodzi. Ananena kuti mbeu zotere zingathe kuthandiza maiko osauka kupeza cakudya cokwanira, napemphanso kuti dziko liri lonse likhale ndi malamulo oziyang'anira, ndi kuti makampani eni mbeuzo asamane alimi osauka. Koma panalinso mau ena. Mu 1999 bungwe la madokotala a ku Britain, British Medical Association, linapempha kuti kubzala mbeuzi kwa malonda kuyambe kwaima kufikira zitafufuzidwa bwino. Ndipo mu January 2000 maiko anagwirizana ku Montreal pangano lochedwa Cartagena Protocol, limene lilola dziko kukana mbeu zotere ngati likayika, ngakhale umboni wa coipa cace usanakwanire.

Mu August 2002 Boma la President Levy Mwanawasa linaitanitsa msonkhano wa anthu ku Mulungushi International Conference Centre mu Lusaka, ndipo pambuyo pace linakana cimangaco. Mwezi womwewo mabungwe a United Nations oona za umoyo ndi za cakudya ananena poyera kuti sanaone cifukwa coganizira kuti cakudyaco cingapweteke munthu. Maiko a Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anasankha njira ya pakati: anabvomera cimangaco, koma anafuna kuti ciyambe cagayidwa kuti wina asacibzale. Zambia inakana ndi ufa womwe, ndipo a Mwanawasa anacifanizira ndi poizoni.

Akatswiri a kwathu kuno anagawanika. Dr Mwananyanda Mbikusita Lewanika wa ku National Institute for Scientific and Industrial Research anali mmodzi wa olangiza kusamala. Dr Luke Mumba wa pa University of Zambia anali mmodzi wa onena kuti sayansi imeneyi dziko lisaitaye. Potero Boma linatuma gulu la akatswiri ace kuti likaone lokha ku South Africa, ku America ndi ku maiko a ku Ulaya. Kumeneko analandiridwa ndi a mbali zonse ziwiri, ali yense pofuna kuwakopa. Atabwerako analemba lipoti lao, ndipo kumapeto kwa October 2002 Boma linatsimikiza kuti cimangaco siliciloladi.

Zifukwa zimene zinanenedwa zinali zitatu. Coyamba, munthu wa ku America adya cimanga pang'ono, pamene ife tidya nsima masiku onse, kotero anakayika ngati kufufuza kwa kumeneko kuyankha funso lathu. Caciwiri, mlimi wanjala akalandira cimanga ca maso asungako cina nabzala, ndipo ufa wa ngaiyaye zace usakanizika ndi mbeu za makolo. Cacitatu, panali mantha akuti misika ya ku Ulaya idzakana zokolola zathu. Koma kukanako kunali ndi mtengo wace. Cimanga cinakhala cotsekeredwa m'nkhokwe anthu ali ndi njala, kwina anthu anathyola nkhokwezo, ndipo World Food Programme inayenera kucicotsa ndi kufuna cina, cimene cinatenga nthawi.

Kodi zaka zotsatira zinaonetsa ciani? Mu 2004 British Medical Association inalembanso, ninena kuti mpata wakuti cakudya cotere cipweteke munthu uli wocepa ndithu. Mu 2016 mabungwe a sayansi a ku America, atapenda zofufuza za zaka zambiri, sanapeze umboni wakuti cakudya ca GMO cimene ciri pa msika ciri coopsa koposa cinzace. Pa funso la umoyo, tsono, umboni unapendekera ku mbali ya mabungwe 7 aja. Koma funso la mbeu za makolo, la misika, ndi la mwini mbeu, silithera m'nyumba yofufuziramo. Limenelo liri la eni dziko.

Cinthu cimene 2002 inatiphunzitsa ndi ici: pa tsiku la bvuto, Zambia inali nao akatswiri, koma inalibe bwalo lao limodzi, loima palokha, lakuti lipende umboni njala isanafike ndi kulankhula ndi mabungwe a maiko ena monga anzace. Boma linayenera kutuma anthu kutsidya kwa nyanja pamene mbale zinali kale zopanda nsima. Pambuyo pace zinthu zinasintha. Mu 2004 Zambia inalowa m'pangano la Cartagena. Mu 2005 kunakhazikitsidwa Zambia Academy of Sciences. Mu 2007 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo limene linabala National Biosafety Authority, bungwe loweruza mapempho a kulowetsa zinthu za GMO m'dziko. Ndipo mu 2020 Zambia Academy of Sciences inalandira lamulo lacelace.

Tsono inu akumva, mukamva pa wailesi kuti akatswiri a maiko agwirizana zakutizakuti, musanyoze mau ao, pakuti kawirikawiri ali ndi umboni wolemera. Koma funsani kuti ndi mabungwe ati anaikapo maina, ndi ati anakana, ndiponso kuti akatswiri a kwathu kuno anenapo ciani.