Mbiri ya Kachikumbutso Kotchedwa Cookie

Kale webusaiti inkakuiwalani mukangotsegula tsamba lina, ngati wogulitsa wosazindikira kasitomala wake. Mu 1994 Lou Montulli wa ku Netscape anapanga cookie, kauthenga kamene webusaiti imasiya mu browser yanu kuti ikudziweni mukabweranso.

Olemba mapulogalamu ndiye ankavutika. JavaScript inkawapatsa ma cookie onse atalumikizana mumzere umodzi, n'kumawalekanitsa okha. Mu 2006 Klaus Hartl analemba jquery.cookie, imene mu 2015 inalowedwa m'malo ndi js-cookie, kapulogalamu kopepuka kosadalira jQuery. Kusunga, kuwerenga ndi kufufuta zinangotsala mawu atatu: set, get, remove.

Kwa iwo ntchito inaphweka, komatu zosungidwazo ndi zanu. Musanadine Accept, dzifunseni kaye: akufuna kukumbukira chiyani za ine?