Kafano ka pa Kapinga ndi Mbiri Yake

Masiku onse ndimalankhula nanu za nazale, za kuokera ndi za kuchiza fodya m'mabalani. Lero tsamiritsani khasu pang'ono, pakuti ndadza ndi nkhani ya mbiri, ndipo nkhaniyi ichokera m'munda wa fodya momwemo.

Fodya wa fuluu amene mulima kuno ali ndi dzina lina, ndilo Virginia. Dzinali ndi la dera lina la ku America, kumene Mzungu wina, John Rolfe, anayamba kulima fodya wa malonda m'chaka cha 1612. M'chaka cha 1619 chombo chinatsitsa komweko anthu a ku Africa ngati 20, ndipo m'zaka zotsatira minda ya fodya inakula ndi thukuta la akapolo. Ku England eni masitolo a fodya ankaimika pakhomo chifanizo cha mtengo cha munthu wakuda wovala masamba a fodya m'chiuno, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga azindikire kuti muno muli fodya. Taonani: wolima fodyayo sanalandire kanthu, koma chifanizo chake ndicho chinali kuitana ogula.

Pambuyo pake ku America kunabuka kafano kena, kachitsulo, kamene Azungu akatcha lawn jockey. Ndi kamnyamata kakuda kotambasula dzanja, kogwira mphete yomangirapo kavalo, kapena nyali. Anthu ankakaimika pa kapinga kutsogolo kwa nyumba. Tambiri tinapakidwa utoto wakuda bii, milomo yaikulu yofiira, maso otong'oka, msana wowerama. Anthu akuda ambiri pokaona amamva chipongwe, popeza kaonetsa munthu wakuda ngati wantchito wosekedwa, woimirira panja usana ndi usiku.

Koma ena akana, nati kafanoko nkaulemu. Iwo asimba kuti usiku wa pa 25 December 1776, pamene George Washington anaoloka mtsinje wa Delaware ndi asilikali ake, mnyamata wakuda wa zaka 12, dzina lake Jocko Graves, anatsala pa gombe atagwira akavalo ndi nyali, nafa ndi chisanu ali chiimirire. Akuti Washington anamva chisoni napangitsa chifanizo chomkumbukira. Enanso ati tifanoti tinali kulozera njira akapolo othawa: kansalu kobiriwira pa dzanja ndiko kunena kuti lowani, kofiira ndiko kunena kuti pitirirani.

Tsono inu mafumu, mlandu uwu utafika pa bwalo lanu mukadaufunsa bwanji? Simukadayamba ndi kufunsa mboni kodi? Ophunzira za mbiri anachita chomwecho. Washington anasiya makalata ambirimbiri, ndiponso katundu wa pa munda wake wa Mount Vernon analembedwa, koma osunga zolembedwazo sanapezemo dzina la Jocko kapena chifanizo chake. Chimene chipezeka nchakuti pomwalira iye mu 1799 pamundapo panali akapolo oposa 300. Za tinsalu tija nazonso mulibe m'zimene anasimba akapolo othawa eni ake, ndipo tifano tambiri tinapangidwa ukapolo utatha kale mu 1865. Ndiponso taganizani: munthu wothawa usiku wa mdima akadayandikira bwanji khomo la mwini wake kuti asiyanitse chofiira ndi chobiriwira?

Chomvetsa chisoni nchakuti mbiri yoona inalipo, yokoma kuposa nthanoyo. Pa mpikisano woyamba wa akavalo wa Kentucky Derby mu 1875, mwa okwera 15, okwera 13 anali akuda, ndipo anapambana ndi Oliver Lewis, wakuda. Patapita zaka, tsankho linawachotsa akudawo pa ntchitoyi. Akatswiri enieni anaiwalika, kafano konyoza nkukhala pa kapinga.

Musayese kuti izi nzakutali kokha. Mu 2018 ku Blantyre kunali mkangano pa chifanizo cha Mahatma Gandhi chimene anafuna kuimika pa Ginnery Corner. Ena anati iye ndiye anaphunzitsa dziko lapansi kulimbana ndi utsamunda popanda kukhetsa mwazi. Ena anatulutsa zimene analemba ali ku South Africa, kumene anakhala kuyambira 1893 kufikira 1914, zonyoza anthu akuda. Mu October chaka chomwecho Khoti Lalikulu linayamba laimitsa ntchitoyo. Apa mbali zonse ziwiri zinali ndi zolembedwa m'manja, osati zongomva monga za Jocko. Kotero mlandu wotere ngotheka kuuzenga.

Nanga kwathu kuno? Mudziwa kuti mu 1895 asilikali a Boma la Azungu anathira nkhondo Mfumu Mwase Kasungu, namanga linga limene analitcha Fort Alston. Mabuku a Azungu asimba nkhondoyo monga iwo anaionera, kuti anadza kudzathetsa malonda a akapolo. Makolo athu anali nawo mawu awoawo, koma amene anaona ndi maso anapita onse, ndipo amene anamva pakamwa pawo atsala owerengeka. Tikangokhala chete, adzukulu athu adzapeza mpata wopanda kanthu, ndipo mpata wotere umadzaza ndi nthano, zina zonyoza, zina zongosangalatsa mtima.

Chifukwa chake ndikupemphani, mafumu, mukatha kutumiza mabelo ku okushoni, itanani nkhalamba za m'mudzi mwanu pamodzi ndi mwana mmodzi wa sukulu wodziwa kulemba. Wosimba aliyense mumfunse zinthu zitatu: anakuuzani ndani, iyeyo anaona yekha kapena anangomva, ndipo zinachitika kuti? Pamene nkhalamba ziwiri zitsutsana, lembani mawu a onse awiri, musakometse. Kuona maso a nkhono nkudekha. Mchikumbi wanzeru sasakaniza fodya wabwino ndi woola m'belo limodzi, pakuti adziwa kuti belo lonse lidzabwezedwa. Mbiri ya mudzi wanu muisankhe ndi chisamaliro chomwecho.

Sabata ya mawa tidzabwerera ku za nkhuni zochizira fodya. Tsalani bwino nonse.