Kaliboni ka pinki kanayamba ndi kukana

Mu 1991 mayi Charlotte Haley, a zaka 68, ankatandala pa tebulo lodyera kunyumba kwawo ku Simi Valley, m'chigawo cha California, akudula timaliboni. Tinali ta mtundu wa pichesi, osati pinki. Khansa ya m'mawere inali itagwira agogo awo, mchemwali wawo ndi mwana wawo wamkazi, ndipo mayiwa anali atatopa nako kukhala chete. Pa kakhadi kalikonse ankamatapo timaliboni tisanu n'kulembapo dandaulo lakuti pa madola 1.8 biliyoni amene bungwe la National Cancer Institute linkalandira pachaka, 5 peresenti yokha ndiyo inkapita ku ntchito yopewa khansa. Ankagawa makhadiwo m'masitolo, osapemphako ndalama. Chimene ankafuna n'chakuti anthu awakokere makutu aphungu awo.

Chaka chotsatira kunabwera foni kuchokera ku magazini ya Self ya ku New York. Mkonzi wake, Alexandra Penney, anali atagwirizana ndi Evelyn Lauder wa kampani ya zodzoladzola ya Estée Lauder kuti afalitse liboniyo dziko lonse. Mayi Haley anakanitsitsa, amvekere izi zikununkha malonda. Maloya a magaziniyo sanavutike nazo: anangolangiza kuti asinthe mtundu. M'chaka cha 1992 chomwecho maliboni a pinki okwana 1.5 miliyoni anagawidwa m'malo ogulitsira zodzoladzola, ndipo mu 1993 Lauder anakhazikitsa Breast Cancer Research Foundation yopereka ndalama za kafukufuku.

Komatu pinkiyo sanali mlendo weniweni. Bungwe la Susan G. Komen linali litagawa kale maliboni oterowo pa mpikisano wake wothamanga ku New York mu 1991. Bungweli analiyambitsa Nancy Brinker ku Dallas mu 1982, pokwaniritsa lonjezo kwa mkulu wake Susan, amene anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 36. Mpamba wake unali madola 200 ndi katoni ya nsapato yodzaza mayina a anthu oti akawagogodere. Mpikisano woyamba wa Race for the Cure, mu 1983, unakopa anthu 800.

Apa m'pamene zopereka zinaonetsa ntchito yake. Kwa zaka zambiri, pa madola anayi alionse otoleredwa pa mpikisano, atatu ankatsala m'dera lomwelo kulipirira amayi osowa kuti akajambulidwe mawere, kuwapezera mayendedwe opita kuchipatala ndi kuphunzitsa anthu zizindikiro za matendawa. Dola inayo inkapita ku kafukufuku. Kwa mayi wopanda inshuwaransi amene wamva kachotupa posamba, ndalama zotsala pafupizo ndizo zinali zenizeni.

Nkhawa ya mayi Haley nayo sinali yopanda mutu. Pinki atafika pa yogati, nsapato ndi magalimoto, bungwe la Breast Cancer Action la ku San Francisco linayambitsa kampeni ya Think Before You Pink mu 2002, kufunsa kuti pa mtengo wa katundu ndi zingati zimafikadi kwa odwala. Kampani ya yogati ya Yoplait, mwachitsanzo, inkapereka masenti 10 pa chivindikiro chilichonse chotumizidwa pa positi, pamene sitampu yokha inkadula kuposa pamenepo.

Mayi Haley anafotokoza okha nkhani yawo mu filimu ya ku Canada ya 2011, Pink Ribbons, Inc. Anamwalira mu 2014.