Krigskollegium: "koleji" yomwe inalibe ophunzira

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, lero tikambe za dzina limodzi la ku Sweden lomwe limasokoneza anthu likalowa m'Chingerezi. Dzinali ndi Krigskollegium. Mabuku ena amalimasulira kuti "War College", ndipo woliwerenga amaganiza za sukulu ya asilikali, ya makalasi ndi mayeso. Komatu kumeneko kunalibe wophunzira ngakhale mmodzi.

Tiyambe ndi mbiri yake. Sweden inalowa m'nkhondo ya zaka 30 ya ku Ulaya mu 1630, ndipo mfumu yake Gustav II Adolf anaphedwa ku Lützen mu 1632. Wolowa ufumu, Kristina, anali adakali mwana. Choncho mu 1634 nduna yaikulu Axel Oxenstierna inakonza lamulo loyendetsera boma, lomwe linagawa ntchito m'mabungwe asanu: la milandu, la asilikali a pamtunda, la asilikali a panyanja, la makalata a boma ndi la chuma. La asilikali a pamtunda ndi lomwe linadzadziwika kuti Krigskollegium, ndipo mtsogoleri wake panthawiyo anali Jacob De la Gardie. Ntchito yake inali kuyang'anira gulu lankhondo: anthu, zida, malinga ndi zina zotero. Linagwira ntchito mpaka 1865, pamene bungwe latsopano la Arméförvaltningen linatenga malo ake.

Nanga vuto lagona pati? "Krig" ndi nkhondo, pamenepo palibe mkangano. Koma "kollegium" linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza gulu la anthu ogwira ntchito imodzi, okhala pansi n'kugamula nkhani pamodzi. Chingerezi chidakali nalo tanthauzo limeneli m'mayina ngati "College of Cardinals" ku Vatican ndi "Electoral College" ku America. Koma munthu wamba akamva "college" amaona sukulu basi, monganso ife tikamva koleji. Kuonjezera apo, ku America kuli Naval War College yomwe inatsegulidwa mu 1884, ndipo iyoyo ndi sukuludi.

Choipa kwambiri n'chakuti Sweden nayo inali ndi masukulu ake a asilikali. Krigsakademien ya ku Karlberg inayamba mu 1792, ndipo Krigshögskolan, yophunzitsa akuluakulu a asilikali, inayamba mu 1878. Mukatcha Krigskollegium kuti "War College", masukulu enieniwa muwapatsa dzina lanji? Wophunzira akhoza kulemba pa mayeso kuti Oxenstierna anamanga sukulu, chonsecho iye anakonza boma. Apo ndiye kuti mfundo yonse yatayika. Pajatu Peter Wamkulu wa ku Russia, ngakhale anali pankhondo ndi Sweden, anatengera dongosolo lomweli n'kukhazikitsa mabungwe otere kwawo cha m'ma 1718. Sanatengere masukulu, anatengera kayendetsedwe ka boma.

Eni ake atithandiza. Bungwe la zamalonda la Kommerskollegium, lomwe lilipo mpaka lero, m'Chingerezi limadzitcha "National Board of Trade". Onani kuti asankha "Board", osati "College". N'chifukwa chake ine ndikuona kuti "War Board" ndi dzina losasocheretsa. Amene akufuna kusunga fungo la chikale akhoza kulemba "War Collegium", popeza liwu lachilendolo limamuimitsa wowerenga kuti afunse.

Langizo langa ndi ili. Pakutchula koyamba lembani dzina lenileni, Krigskollegium, kenaka fotokozani ntchito yake m'mawu ochepa. Zikatero wofuna kufufuza zambiri ali ndi dzina loti afufuzire, ndipo wongowerenga wamva chimene bungwelo linkachita. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanamasulire dzina la bungwe lililonse lakale, yambani mwafunsa kuti anthu a mmenemo akalowa m'mawa ankagwira ntchito yanji.