Mmene Kompyuta Imasungira Zolemba ndi Zizindikiro za pa Wailesi ya Kanema

Pamene nkhani za mwambo wa Malaila wa Akunda a m'boma la Mambwe zionetsedwa pa wailesi ya kanema, dzina la Mfumu Yaikulu Nsefu limatulukira m'munsi mwa chithunzi, ndipo chizindikiro cha nyumba youlutsa mawu chimakhala pakona. Zolembazo sizijambulidwa ndi kamera. Zimakonzedwa padera pa kompyuta, kenaka makina a mu situdiyo amazisanjika pamwamba pa kanemayo. Kuti zisaphimbe nkhope ya mfumu kapena ovina, fayilo yake iyenera kusonyeza malo oonekera.

Chithunzi cha pa kompyuta chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Kadontho kalikonse kamasunga manambala atatu, a mtundu wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, kuyambira pa 0 kufika pa 255. Mafayilo ena amasunganso nambala yachinayi yotchedwa alpha. Ikakhala 0, kadonthoko sikaoneka, ndipo zimene kamera yajambula zimaonekera pamenepo. Ikakhala 255, kadonthoko kamaphimbiratu za kumbuyo kwake. Manambala a pakati ndi amene amasalaza m'mbali mwa zilembo ndi kupanga mithunzi. Nzeru imeneyi inayambidwa ndi Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith ku New York Institute of Technology chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Mu situdiyo, makina olemba mayina amatumiza zithunzi ziwiri ku makina osakaniza kanema. Choyamba, chotchedwa fill, chimanyamula mitundu. Chachiwiri, chotchedwa key, ndi chakuda ndi choyera chabe, ndipo chimachokera ku manambala a alpha aja. Poyera pamaoneka zolemba, pakuda pamapita chithunzi cha kamera.

Mitundu ya mafayilo imasiyana pa nkhani imeneyi.

TGA inayamba ku America m'chaka cha 1984, ndipo inatchuka ndi makadi a kanema a Targa a kampani ya Truevision. Imasunga alpha. Pochepetsa kukula kwa fayilo, imawerenga timadontho tofanana totsatizana ndi kulemba chiwerengero chake m'malo mobwereza kalikonse.

GIF ya kampani ya CompuServe inatuluka mu 1987. Ili ndi mitundu 256 yokha, ndipo kadontho kamaoneka kapena kusaoneka, popanda za pakati. Ichi n'chifukwa chake zilembo zake zimakhala ndi manomano m'mbali.

JPEG ya mu 1992 ndi yabwino pa zithunzi za kamera, monga za njovu ndi mvuu za mu mtsinje wa Luangwa, koma ilibe alpha. Imatayanso tina ndi tina pofuna kuchepetsa fayilo, kotero kuti zilembo zimada m'mbali.

PNG ya mu 1996 imasunga alpha yonse, ndipo imapanikiza fayilo popanda kutaya kanthu.

Kupanikizaku n'kofunika. Chithunzi cha kanema wakale wa PAL, amene dziko la Zambia linali kugwiritsa ntchito lisanasamukire ku njira ya dijito, chili ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi pa kompyuta. Cha HD chili ndi 1920 ndi 1080, kutanthauza timadontho 2,073,600. Chikasungidwa ndi alpha chosapanikizidwa, chimapitirira pang'ono mamegabaiti 8. Popeza kuti mbali yaikulu ya chithunzi cha dzina imakhala yopanda kanthu, PNG imachichepetsa kwambiri.

Nkhaniyi ikhudzanso anthu a ku Mfuwe amene amajambula maukwati, mapemphero ndi makanema oitanira alendo ku nkhalango ya South Luangwa. Chizindikiro cha loji kapena cha sukulu chikatumizidwa pa WhatsApp monga chithunzi wamba, chimapanikizidwa n'kukhala JPEG. Malo oonekera aja amatayika, ndipo pa kanema pamatuluka bokosi loyera kapena lakuda lozungulira chizindikirocho. Njira yopewera zimenezi ndi kusunga chizindikirocho mu PNG ndi kuchitumiza monga dokumenti kapena pa imelo. Wochilandira achiyese pamwamba pa kanema wowala ndiponso wamdima tsiku la mwambo lisanafike.