Mkunga, mlendo wochokera kumadzi amchere

Dzulo lija, mdzukulu wanga, unandionetsa chithunzi cha m'buku lako la kusukulu n'kunena kuti, "Agogo, taonani njoka ya m'madzi." Ndinangokuyankha kuti si njoka, ndi mkunga, koma usiku wonse ndinangotembenuka pamphasa. Mwana wa m'banja la asodzi osaudziwa mkunga! Mlanduwo ndi wanga, ine amene ndakhala nawe muno mu Bwacha zaka zonsezi osakuuza. Sendera kuno.

Ine ndinabadwa tauni ino ikutchedwabe Broken Hill. Abambo anga anabwera kudzagwira ntchito mumgodi wa mtovu ndi zinki, uja unatsekedwa mu 1994. Kwawo kunali ku Feira, kumene lero mumati Luangwa Boma, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, Zumbo wa ku Mozambique ali patsidya pomwepo. Tchuthi chikafika tinkakwera sitima mpaka ku Lusaka, kenaka basi ya mumsewu wa Great East, n'kutsetsereka ndi mtsinje mpaka kumudzi, tonse tili mbuu ndi fumbi.

Agogo anga aamuna sanapondepo kuno, koma ankati kwathu amakudziwa. "Madzi anu a Mulungushi," ankatero, "amagwera mu Lunsemfwa, Lunsemfwa mu Luangwa, ndipo onsewo amadutsa pakhomo panga pano." Ankanena zoona. Mtsinje wa Mulungushi womwewo ndi umene azungu a mgodi anautchinga mu 1925 kuti apeze magetsi.

Tchuthi cha 1961 ndi chimene sindichiiwala. Dzuwa litapendeka agogo anandiitana, ananyamula mbedza yaikulu ndi chingwe cholimba, ine ananditenga ndi kachitini ka matumbo a nkhuku. Tinapalasa bwato mpaka pa dziwe lina lakuya, pamene miyala inapanga mapanga pansi pa madzi. Anamangirira chingwe kumuzu wa mtengo, anaponya nyambo, basi tinabwerera. Ndinawafunsa chifukwa chake sitikudikira. Anati mwini dziwelo sadya masana.

M'bandakucha tinapeza chingwe chili nga! Agogo sanakoke ndi mphamvu. Ankakoka pang'ono, n'kulekerera, n'kukokanso, chifukwa mkunga ukamva mbedza umakulunga mchira kumwala, ndipo ukalimbana nawo chingwe chimaduka. Dzuwa linatuluka tili pomwepo. Utatopa, unabwera wokha. Unali wautali pafupifupi msinkhu wanga, wonenepa ngati mkono wa agogo, khungu la mawangamawanga, kwina kwachikasu kwina kodera. Utagwera m'bwato ine ndinafuna kudumphira m'madzi, ng'ona osaziganiza n'komwe. Agogo anandigwira paphewa.

"Khala pansi, iwe. Taona kuseri kwa mutuku. Njoka unayiona ili ndi zipsepse?"

Anatapa phulusa limene anabwera nalo m'chikopa, anapaka m'manja, ndipo anaugwira pakhosi. Popanda phulusa kapena mchenga sungaugwire, umaterera kuposa therere. Kunyumba agogo aakazi anakana kuti ulowe mumphika wawo wa ndiwo. Iwo sankadya, ndipo anthu ambiri m'mudzimo ankaunyansidwa chimodzimodzi. Agogo aamuna anaudula mapisi, ena n'kuotcha, ena n'kuwamba. Mafuta ankadontha pamakala moto n'kumalilima. Nsima ya tsiku limenelo ndinadya mitanda itatu.

Tikudya, agogo anandiuza chimene chinkawazunguza mutu moyo wawo wonse. Mlamba ukautumbula nyengo yake umapeza mazira, mcheni chimodzimodzi. Koma mkunga, pa yonse imene anatumbula chiyambire unyamata wawo, sanaupezepo ndi mazira okhwima, ndipo palibe msodzi anaonapo pamene umaswera. Chimene ankaona n'chakuti timikunga tating'ono, tonga chala, tinkakwera mtsinje kuchokera kumunsi, nthawi zina tikukwawa pamiyala yonyowa m'mbali mwa mathithi. Makolo awo, Achikunda opalasa mabwato mpaka ku Tete ndi kupitirira, ankati kwawo kwa nsomba imeneyi ndi kumadzi amchere. "Ameneyu ndi mlendo," anatero agogo. "Amabwera ali chala, amachoka ali mkono."

Ndinadzawerenga ndili wamkulu kuti makolo aja sanaphonye. Mikunga ya m'mitsinje yathu imaswera m'nyanja ya Indian Ocean, kutali kum'mawa kwa Madagascar. Tiana take timayamba tili tophwatalala ngati tsamba, toonekera mkati ngati galasi, ndipo mafunde amatitenga kwa miyezi mpaka kugombe la Africa. Tikafika pamathiriro a Zambezi timasintha thupi n'kuyamba ulendo wokwera: ena kukhotera mu Shire mpaka kukafika m'nyanja ya Malawi, ena kudutsa Tete, kukwawa m'mathithi a Kebrabasa n'kudzalowa mu Luangwa. Mkunga umakhala m'madzi opanda mchere zaka khumi, ina kuposa pamenepo. Nthawi yake ikakwana maso amakula, mimba imayera ngati siliva, umaleka kudya, n'kutsika mtsinje wonse kubwerera kumene unabadwira. Kumeneko umaswa kamodzi kokha n'kufa. N'chifukwa chake agogo sanawaone mazira aja: amakhwimira panjira, m'madzi amchere. Madzi saiwala khwawa, mkunganso suiwala kwawo.

Tsono tamvera chimene chinachitikira njira imeneyi. Khoma la Kariba, lotalika mamita 128, linatha mu 1959. Limenelo lili kumtunda kwa Feira, choncho njira ya ku Luangwa inali yotsegukabe. Ngakhale ku Karibako mlendoyu sanagonje msanga. Katswiri wina wa nsomba, Eugene Balon, analemba mu 1975 kuti m'nyanjamo munali mikunga yambiri m'madzi akuya, ndi kuti ing'onoing'ono inkatha kulipitirira khomalo. Koma mu 1974 Apwitikizi anatseka Zambezi pa Kebrabasa pomwe paja, ndi khoma la Cahora Bassa la mamita 171. Limeneli lili kumunsi kwathu, pakati pa ife ndi nyanja yamchere. Kamwana kokwera kanapeza chipupa pamene makolo ake ankapeza miyala, ndipo mkunga waukulu wotsika unapeza makina opukusa magetsi, amene nsomba yaitali chotero imadutsamo movutikira, yambiri n'kuduka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti palibe anazindikira msanga. Mikunga imene inali kale m'madziwe inapitiriza kukula, asodzi n'kumakondwa kuti akugwira zikuluzikulu. Nditapita kumaliro a agogo, patadutsa zaka zingapo damulo litatsekedwa, amalume anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mphwanga, yaikulu ikukodwabe, koma tating'ono tija sindikutionanso." Mudzi wa nkhalamba zokhazokha, wopanda kulira kwa khanda, umaoneka wodzaza mpaka tsiku limene maliro ayamba kutsatizana. Masiku ano abale akumeneko akandiimbira foni amati mkunga umakodwa mwa apo ndi apo, ndipo ukakodwa ana amathamangira kukaona ngati chilombo.

Usaganize kuti ndikunyoza magetsi. Magetsi a Mulungushi ndi amene ankayendetsa mgodi umene unandilipirira sukulu, ndipo babu ili pamwamba pathuli ndikulifuna ngati mmene ukulifunira iwe. Chimene chimandiwawa n'chakuti omanga makoma aja anawerengera simenti, anawerengera ndalama, koma sanasiye ngakhale kanjira konyowa m'mbali koti kamwana konga chala kakwerepo. M'maiko ena tinjira totere timamangidwa, ndipo mikunga imakweradi.

Vutoli silili kwathu kokha. Mkunga wa ku Ulaya, umene Johannes Schmidt wa ku Denmark anausakasaka zaka zambiri mpaka kupeza kuti umaswera kunyanja ya Sargasso, watsala pang'ono kutha: tiana tofika m'mitsinje yakumeneko tachepa ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse kuyambira cha m'ma 1980. Mu 2010 maiko a European Union analetsa kuugulitsa kunja. Wa ku Japan nawo unaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi mu 2014. Anthu a ku Asia amaukonda kwambiri, ndipo oweta m'madamu amadalira tiana togwidwa pamathiriro a mitsinje, poti kuswetsa mkunga wochuluka m'manja mwa munthu kukuvutabe. Kwawo tikachepa, amalonda amayang'ana kwina, ndipo ku Madagascar anafikako kale. Ndiye kuti mlendo wathu akudikiridwa ndi ukonde pachipata, ndi khoma pakati panjira.

Loweruka lapitali ndinazungulira mumsika wa m'tauni muno. Kapenta analipo milumilu, uja anamutenga ku Tanganyika n'kukamuthira mu Kariba cha m'ma 1967. Bukabuka analipo, nsomba zouma za ku Lukanga zinalipo. Ndinafunsa amayi atatu ogulitsa ngati anauonapo mkunga. Awiri anafunsa kuti n'chiyani. Wachitatu, wachikulire ngati ine, anaika dzanja pachibwano n'kunena kuti anaulawa komaliza ali mtsikana, kwawo kuchigwa.

Pano ku Mozambique akukonza zomanga damu lina pa Mphanda Nkuwa, pakati pa Cahora Bassa ndi Tete. Iwe ukuti ukufuna kudzaphunzira uinjiniya. Ngati udzakhale pagome pamene akujambula khoma lotseka mtsinje, udzafunse mokweza kuti nsomba yochokera kunyanja idzadutsa pati. Ndipo mawa ukapita kusukulu, ukawauze anzako kuti chili pa chithunzi chija dzina lake ndi mkunga, ndi kuti agogo a agogo ako ankaugwira ndi phulusa m'manja ku Feira.