Asilikali Opsa ndi Moto: M'mene Kulemba Kunathandizira Kuchiza

Usiku uno tikambirana za asilikali amene anapsa ndi moto pa nkhondo, ndi m'mene madokotala anaphunzirira kuwachiza. Mudzaona kuti pa nchito imeneyi cholembera chinathandiza monga momwe unathandizira mpeni wa dokotala.

Tiyambe ndi chaka cha 1940, pamene ndege za Angelezi zinali kumenyana ndi ndege za Ajeremani m'mlengalenga mwa dziko la Britain. M'ndege yochedwa Hurricane, imodzi ya nkhokwe za petulo inali patsogolo penipeni pa woyendetsa. Chipolopolo chikaboola nkhokweyo, moto unali kum'fikira kumaso ndi m'manja, ndipo ambiri anali atavula zobvala za m'manja kuti agwire bwino zitsulo. Anyamata otere anali kutera pansi ali moyo, koma zikope, milomo ndi zala zitapserera.

Ambiri a iwo anatengedwa kunka ku chipatala cha Queen Victoria m'tauni yaing'ono ya East Grinstead, kumene kunali dokotala wobadwira ku New Zealand, dzina lache Archibald McIndoe. Masiku amenewo mankhwala a zilonda za moto anali tannic acid, amene amaumitsa chilonda ndi kuchita chikhungwa pamwamba. Koma McIndoe, poyerekeza odwala ache mmodzimmodzi, anaona kuti mankhwalawo anali kukhwinyatitsa zala ndi kukoka zikope, kotero kuti munthu sanali kutha kutseka maso. Anaonanso kuti amene anagwera m'nyanja zilonda zao zinali kupola bwino koposa za amene anagwera pamtunda. Chifukwa chache anayamba kusambitsa odwala m'madzi a mchere ofunda, naumiriza akuluakulu kuti aleke kupaka tannic acid kumaso ndi m'manja. Iwo anamvera.

Chilonda chikayera, iye anali kutenga khungu pa ntchafu kapena pamimba pa wodwala yemweyo ndi kulisoka pamalo popsapo. Ena anawachita opareshoni kambirimbiri, kwa zaka. McIndoe anadziwa kuti mtima nawonso umapsa, ndiye anapempha anthu a m'tauniyo kuti aziitana anyamatawo kunyumba zao, osawayang'anitsitsa. Mu 1941 odwalawo anayambitsa bungwe lao lochedwa Guinea Pig Club, ndipo pakutha pa nkhondo munali anthu 649.

Tsono tifike pa nkhani ya kuwerenga. Munthu akapsa kwambiri, chimene chimayamba kumupha ndi kutha kwa madzi m'thupi, pakuti amachucha kuchokera m'mitsempha ya magazi. Kuti dokotala adziwe madzi oyenera kum'patsa, ayenera kudziwa kukula kwa malo opsawo. Kungonena kuti "wapsa kwambiri" sikuthandiza. Mu 1944 madokotala awiri a ku Boston, Lund ndi Browder, anakonza chithunzi cha thupi chogawidwa m'zigawo, chosiyanitsa ana ndi akulu. Mu 1951 dokotala wa ku Edinburgh, Alexander Wallace, anafalitsa njira yapafupi. Thupi la munthu wamkulu tiliyese magawo 100. Mutu ndi magawo 9, dzanja liri lonse 9, mwendo uli wonse 18, kutsogolo kwa thunthu 18, kumbuyo 18, ndipo gawo limodzi lotsalalo ndi malo obisika. Ngakhale msilikali wothandiza obvulala kutchire akhoza kuwerenga motere, nalemba pa kapepala kamene wodwalayo anyamuka nako.

Panatsala bvuto lina. Dokotala wina alemba "anapsa", wina "anawauka", wina "moto wa ndege". Kalaliki wofuna kuwerengera onsewa pamodzi angachite bwanji? Mu 1893 Mfalansa wina, Jacques Bertillon, anakonza mndandanda wa zinthu zopha anthu kuti maiko azilemba mofanana. Mu 1948 bungwe la World Health Organization linautenga, ndipo munalowanso matenda ndi kubvulala kumene sikupha. M'buku lachikhumi la mndandandawo, lochedwa ICD-10, chilonda chiri chonse chinapatsidwa nambala. T20 ndi kupsa kumutu ndi m'khosi, T23 kupsa m'manja, T31 imanena kukula kwa malo opsa, ndipo Y36.3 imanena kuti motowo unadza ndi nkhondo. Msilikali wonga anyamata aja a mu 1940 angalembedwe ndi manambala atatu oyambawo.

Mwina mufunsa kuti, kodi nambala ichiza munthu? Iai, siichiza. Koma makadi zikwizikwi akalembedwa mofanana, akuluakulu amaona msanga ngati asilikali ambiri alikupsa m'manja, nalamula zobvala zosagwira moto. Amaona mankhwala amene alikupulumutsa anthu ndi amene alikuwapundula. Ndiponso msilikali akakalamba, napita kukapempha chithandizo kwa Boma, khadi lija ndilo mboni yache. Khadi likalembedwa molakwa, wosauka ndi iye.

McIndoe anamwalira mu 1960, koma odwala ache anapitiriza kusonkhana ku East Grinstead chaka ndi chaka kufikira 2007. Tsalani bwino.